Tsace Likakalamba

Pali funso limene mwana wa sukulu safulumira kulifunsa, koma limene munthu aliyense adzalifunsa tsiku lina, akadzaona imvi yoyamba pa kalirole, kapena akadzamva maondo ali kudandaula pokwera basi. Funsolo ndi ili: kodi tikalamba cifukwa ciani? Mbale ya dothi itha cifukwa siikhoza kudzimata yokha, ndipo njinga icita dzimbiri cifukwa citsulo ciribe moyo. Koma thupi la munthu lidziwa kudzikonza. Bala lipola, fupa lothyoka lilumikizana, khungu lifundula ndi kumera lina. Nanga mmisiri amene akhoza kumanga munthu wathunthu pa miyezi 9 yokha, alephera bwanji nchito yocepa ya kusunga nyumba imene anaimanga kale? Makolo athu sanataye nalo tulo funsoli, pakuti kwa iwo imvi inali mwai umene ambiri sanaupeze. Koma m'zaka za posacedwa anthu a sayansi apeza mbali ina ya yankho, ndipo anaipeza pa malo onyozeka ndithu, m'thupi la kanyongolotsi ka pa dzala.

Musaganize za nyongolotsi ya kudimba ija imene anyamata akumba pofuna nyambo ya mbedza. Aka ndi kakang'ono kopambana, utali wake milimita 1, kotero kuti pokaona bwino pafunika galasi lokuza zinthu. Dzina lake m'mabuku ndi Caenorhabditis elegans. Kakhala m'zipatso zoola ndi m'manyowa, ndipo woyamba kukalongosola anali Émile Maupas, amene anakapeza m'dothi la ku Algeria, nalemba za iko mu 1900. Amene anakachukitsa ndi Sydney Brenner, mwana wa munthu wosoka nsapato, wobadwira ku Germiston ku South Africa mu 1927. Iyeyu, pogwira nchito ku Cambridge, anafuna kanyama kosabvuta kuweta ndi kuwerenga, ndipo mu 1974 anaonetsa kuti kanyongolotsika ndiko koyenera. Thupi lake lioneka mkati monga galasi. Tizipinda tating'ono timene timanga thupi la camoyo ciri conse, timene ophunzira aticha maselo, mwa iko tiri 959 cabe, ndipo 302 mwa ito ndi ta mitsempha ya uthenga, imene tingaiyese ubongo wake. Kacoka m'dzira ndi kukhwima pa masiku 3, kabala ana ngati 300, ndipo pakapita milungu iwiri kapena itatu kafa ndi ukalamba. Munthu wofuna kuphunzira ukalamba wa njobvu adzafa iye njobvu ikali kudya. Wophunzira kanyongolotsi aona moyo wonse mwezi usanathe. Ndipo kakalambadi monga ife: khungu licita makwinya, minofu ifota, kayamba kukwawa mwaulesi, potsiriza kangogwedeza mutu.

Mkati mwa selo liri lonse muli malangizo olembedwa amene camoyo cilandira kwa makolo ake. Awa ndiwo achedwa majini. Si majini aja a mizimu amene anthu aopa ai, mau angofanana. Kanyongolotsi kali nao ngati 20,000, ndipo munthu, ndi kunyada kwake konse, ali nao ciwerengero cosasiyana kwambiri ndi cimeneco. Mu 1993 Cynthia Kenyon ndi anzake ku San Francisco anapeza kuti jini limodzi lokha, lochedwa daf-2, likafooketsedwa, kanyongolotsi kakhala moyo masiku owirikiza kawiri, ndipo kakhala kanyamata nthawi yaitali. Mau amenewa anadabwitsa ambiri. Kufikira pamenepo anthu anayesa kuti thupi lingotha monga litha khasu, ndi kulimalima. Tsopano kunaoneka kuti liwiro la ukalamba liri ndi cogwirira, cimene munthu angacikhudze. Funso linatsala: kodi tinyongolotsi tamoyo wautalito ticita ciani cimene tinzake siticita?

Apa tiyenera kuyamba talankhula za zinyalala. Selo liri ngati mudzi wa anthu akhama: muphikidwa, mumangidwa, musulidwa, ndipo pamene pali nchito pali zotsala. Mapuloteni ena apindika molakwika, tizigawo topatsa mphamvu titha ndi kuyamba kutulutsa utsi woipa. Selo liribe malo ambiri otayako zinthu, cotero licita mwanzeru. Likuta cinthu cakuthaco m'kathumba, linyamula kathumbako kupita nako ku kacipinda kena kodzala ndi madzi aukali osungunula zinthu, ndipo m'menemo cakuthaco ciphwanyidwa kufikira cisanduka zipangizo zomangira zatsopano. Christian de Duve wa ku Belgium ndiye anapeza kacipinda kosungunulako mu 1955, ndipo mu 1963 anacha nchito yonseyi autophagy, mau a Cigriki otanthauza kudzidya wekha. Majini olamulira nchitoyi anawapeza Yoshinori Ohsumi wa ku Japan, poyesa yisiti, cotupitsa mkate cija. Mu 1993 anachula majini 15, ndipo mu 2016 analandira mphotho ya Nobel.

Dzina la kudzidya limveka loopsa, koma cinthuco ticidziwa kale. Wosula wa kumudzi sataya khasu lakutha. Alibweza pa moto, licoka mpeni kapena kambazo. Pogwetsa nyumba yakale tisankha mitengo imene ciswe sicinadye, timangira khola. Kuno ku Roma, kuseri kwa mipanda ya mu Zambezi Road, anyamata osamalira maluwa aunjika masamba a mango ndi udzu pa dzenje, ndipo pakutha pa mvula afukula manyowa akuda. Amai a ku Ng'ombe, komboni yoyandikana nafe, atola mabotolo kuti akagulitse. Ku dzala lalikuru la mzinda ku Chunga anthu afunafuna zitsulo ndi mapulastiki tsiku lonse, ndipo mbaula zambiri zimene tiothapo moto mu June zinali zinthu zina kale. Anthu otere tiwayang'ana ndi diso lonyoza. Koma m'thupi mwathu momwe, nchito yao ndiyo isunga moyo.

Zimenezi zinatsimikizika mu 2003, pamene Alicia Meléndez ndi Beth Levine ku New York anatenga tinyongolotsi tamoyo wautali tija ta daf-2, natseka jini lina la nchito yosesayi, lochedwa bec-1. Moyo wautali uja unacoka. Mu 2008 Malene Hansen ndi anzake anaona comweco pa tinyongolotsi todya pang'ono: iti tikhalitsa kuposa tinzake todya mokhuta, koma ukatseka majini osesa, phindu lonse litha. Ndipo mu 2018 a m'gulu la Levine, ali ku Dallas tsopano, anaonetsa kuti mbewa zimene tsace lao linalimbikitsidwa zinakhala moyo wotalikirapo, impso ndi mitima yao iri yabwino. Cotero camoyo cimene cikhalitsa si cimene cisunga zonse, koma cimene cilola kuphwanya zake zomwe. Ife akalaliki a boma ticidziwa ici. Cipinda ca mafaelo cimene sicipetedwa cidzala kufikira ku denga, ndipo tsiku lina nkhalamba yofuna ndalama zake za penshoni ibwerera kwao manja ali zii, osati cifukwa pepala lake linatayika, koma cifukwa linakwiririka pansi pa mapepala a anthu amene anamwalira kale. Nchito yosankha zotumiza ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ndi zoyenera kuocha palibe aikonda, ndipo nthawi zambiri ipatsidwa kwa wamng'ono wa onse. Koma ofesi iri yonse iyenda kapena kuima cifukwa ca iyo.

Ndiyenera kuima pang'ono pa nkhani ya kudya pang'ono, cifukwa pamenepa ena apotoza. Inde, selo likamva njala lisesa mwakhama, pofuna zomangira m'zinthu zakale. Ndipo kale mu 1935 Clive McCay wa ku Cornell anaona kuti makoswe opatsidwa cakudya cocepa akhalitsa. Koma makoswewo analandira zonse zofunika m'thupi, zocepa zinali zonenepetsa cabe, ndipo anakhala m'nyumba yopanda mphaka, yopanda matenda, yopanda munda woti alime. Munthu wa ku Kabulonga amene adumpha cakudya ca m'mawa mwa kufuna kwake, furiji iri yodzala, asayerekeze kuuza mkazi wa ku Petauke kuti njala ndi mankhwala. Kufufuza kwa boma kwa mu 2018 kunapeza kuti ana 35 mwa 100 ali onse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira, ndipo mu February 2024 boma linalengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse. Njala yotere siitalikitsa moyo wa munthu. Iudula.

Nkhani ikadathera pano ikadakhala yokoma: sesani, mudzakhalitsa. Koma cikomekome ca nkuyu, mkati muli nyerere. Mu 2017 Thomas Wilhelm, Jonathan Byrne ndi Holger Richly ku Mainz, m'dziko la Germany, anafunsa funso lacilendo. Anati, tiyeni tileke tinyongolotsi tikule, tibale, titsirize kubala, ndipo pamenepo ndipo titseke majini limodzi limodzi, tione cimene cidzacitika. Anayesa majini 800, napeza 30 amene kutsekedwa kwake pa ukalamba kunatalikitsa moyo. Ndipo taonani, potsata limodzi mwa iwo anafika pa majini a tsace, pamodzi ndi bec-1 lomwe lija. Jini limene ukalitseka pa ubwana kanyongolotsi kafa msanga, ukalitseka pa ukalamba kakhala moyo woonjezeka ndi theka, kayendanso bwino, minofu yake iri yolimba. Ndipo kunakwanira kulitseka m'maselo a mitsempha ya uthenga mokha kuti thupi lonse lipindule.

Anafotokoza motere. M'kanyongolotsi kokalamba ciyambi ca nchito cikali kuyenda: zinyalala zikutidwa m'timatumba monga kale. Cimene cafooka ndi citsiriziro, kusungunula kuja. Cotero timatumba tingounjikana m'selo, todzala ndi zoola, ndipo mulu umenewo uononga koposa zinyalala zikadangomwazika. Anthu a mu Lusaka safuna mphunzitsi pa ici. Kusesa pa msika ndi kwabwino ngati galimoto ibwera kudzanyamula. Ngati siibwera, osesa angosonkhanitsira nchenche phwando pa malo amodzi, mvula nikokolola zonse kunka ku zitsime. Amene anali mumzinda muno pakati pa October 2017 ndi miyezi yoyamba ya 2018 akumbukira kolera imene inagwira anthu oposa 5,000, masukulu nacedwa kutsegulidwa, asilikari nalowa m'miseu ndi mafosholo. Nchito yabwino yocitidwa theka ingathe kuipa koposa nchito yosayambidwa.

Koma cifukwa ciani cilengedwe cilola cinthu cotere? Yankho linaperekedwa kale, tinyongolotsi tisanafunsidwe. Peter Medawar mu 1952 ndi George Williams mu 1957 anaganiza motere: jini lipitirira ku mibadwo ya mtsogolo ngati lithandiza mwini wake kukula ndi kubala. Cimene licita pambuyo pa kubala siciwerengedwa kwenikweni, popeza ana analandira kale jinilo, ndiponso kuthengo zamoyo zambiri zidyedwa kapena kufa ndi njala zisanaone ukalamba. Cotero jini lopatsa mphamvu pa unyamata ndi kubweretsa tsoka pa ukalamba lidzacuruka ndithu. Kuli ngati kaloba. Mnyamata akongola lero, adya, abvala, akwatira. Wobweza ngongole ndi ciongoladzanja cake ndi nkhalamba imene iye adzakhala. Kwa zaka 60 ganizo ili linali ndi mboni zocepa zochulika ndi maina. Tinyongolotsi ta ku Mainz tinaonjezapo 30.

Tsopano tafika pa cimene candilembetsa. Wacinyamata wocenjera, atawerenga izi, anganene kuti: Ndiye kuti cilengedwe comwe caweruza, munthu akatha kubala ndi kugwira nchito watha, tsobola wakale sawawa, ndipo kumsunga ndi cifundo cabe. Ndikana mau amenewa, ndipo ndiwakana kawiri.

Poyamba, munthu si kanyongolotsi. Iko kaikira mazira ndi kucoka, sikadziwa mwana, nanji mdzukulu. Koma mkazi wa munthu aleka kubala pa zaka ngati 50, nakhalabe ndi mphamvu zaka 20 kapena 30, cinthu cosowa kwambiri pakati pa nyama, ngakhale cipezekanso mwa mitundu ina ya anamgumi. Kristen Hawkes, amene anakhala pakati pa Ahadza a ku Tanzania, anaona kuti agogo akazi ndiwo akumba mizu yodya yambiri, ndi kuti adzukulu akula bwino pamene mai ali ndi khanda ngati agogo ali pafupi. M'zaka za 1997 ndi 1998 iye ndi anzake analemba kuti mwina moyo wautali wa anthu unacokera pamenepo: mbumba yokhala ndi nchembere yolimba inapulumutsa ana ambiri. Ife a m'Zambia sitifuna kupita ku Tanzania kukaona. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inatenga amuna ndi akazi a pakati, ndani analera ana amasiye? Ambiri a inu amene mwatsiriza sukulu muli ana a anthu amene anakula pa nsima ya agogo. Anati akuru ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto umene unazimira m'dambo limenelo tinauona ndi maso.

Kaciwiri, ngakhale nkhalamba ikadapanda phindu liri lonse, cimene cilengedwe cicita si lamulo la cimene ife tiyenera kucita. Cilengedwe sicisamala mwana wa malungo, koma ife timpatsa mankhwala, ndipo palibe atiyesa opusa. Kusasamala kwa majini ndi mbiri ya m'mene tinakhalira, si ciweruzo ca mlandu. Ici ndicinena molimba cifukwa m'midzi yathu ndi m'makomboni nkhalamba zambiri zinenedwa ufiti, zithamangitsidwa, zina ziphedwa, ngakhale lamulo loletsa kuchula munthu mfiti liripo m'dziko muno kuyambira 1914. Kawirikawiri cizindikiro ca ufitiwo ndi ukalamba womwe: maso ofiira ndi utsi wa zaka zambiri, kuiwala, kusokera usiku, kulankhula wekha. Madokotala adziwa kuti m'matenda a kuiwala, monga aja ochedwa ndi dzina la Alzheimer, mapuloteni oonongeka aunjikana mu ubongo. Gogo wopezeka pa khomo la eni mbandakuca, wosadziwa dzina lake, sanagwe pa licero. Tsace la m'mutu mwake lafooka.

Komabe sindifuna kuti akuru awerenge izi ndi kumwetulira cabe, pakuti kanyongolotsi kali ndi mau owawa kwa iwonso. Onani cimene a ku Mainz anacita. Sanataye kanyongolotsi kokalamba. Anakalanda nchito imene sikanathenso kuitsiriza, ndipo kanakhala bwino. Cimene cinali kukapha si mdani wocokera kunja, koma wanchito wake wokhulupirika, wocita cimene anacita kuyambira ubwana. M'moyo wa anthu zotere ziripo. Mwambo wa cokolo unali tsace labwino pamene mkazi wamasiye analibe pogwira pena koma abale a mwamuna. M'masiku a Edzi mwambo womwewo unanyamula imfa kucoka nyumba ina kulowa ina. Abale kugawana cuma ca womwalira kunali ndi nzeru pamene cumaco cinali mbuzi ndi makasu, ndipo wotenga mbuzi anatenganso ana. M'tauni kunatsala kutenga kokha, kulera kunagwa m'njira, kufikira boma linaika lamulo la 1989 loteteza akazi ndi ana amasiye. Ciyambi ca nchito cinatsala, citsiriziro cinafa: ndi matenda omwe aja a timatumba.

Ndi maudindo comweco. Kenneth Kaunda anatsogolera dziko kuyambira 1964, ndipo ulamuliro wa cipani cimodzi umene unakhazikika mu 1972 ndi 1973 unanenedwa kuti ndi wotchinjiriza umodzi wa mitundu. Anthu atsutsanabe ngati unali wofunika pa nthawiyo. Koma pofika 1990 ambiri anaona kuti wakalamba. Iye anabvomera masankho a zipani zambiri, nagonja mu October 1991, natula udindo. Anakhalanso moyo zaka pafupifupi 30, zambiri za izo ali kucenjeza anthu za Edzi, namwalira ku cipatala ca Maina Soko ku Woodlands pa 17 June 2021, ali ndi zaka 97. Sindinena kuti kutula udindo ndiko kunamtalikitsira moyo; munthu si mbale ya m'nyumba yoyesera. Ndinena kuti munthu ndi udindo wake ndi zinthu ziwiri, ndi kuti cina cingaleke cinzake cikali ndi nchito yambiri.

Cobvuta ndi ici, kuti a sayansi anadziwa tsiku lotsekera jini, cifukwa tinyongolotsi tonse tinali ta msinkhu umodzi, ndipo palibe kamene kanafunsidwa. Kutseka msanga kukadatipha. Boma liyesa kucita monga iwo: kuyambira 2015 wanchito apuma pa zaka 60, angathe kupempha pa 55 kapena kufikira 65. Pa ofesi ciwerengero cotere cithandiza, ngakhale ticiona cicotsa ena akali akuthwa ndi kusunga ena amene anatopa kale. Koma pa banja palibe kalata yocokera ku likulu. Pali tate amene anamanga sitolo ndi manja ake, ndipo tsopano abweza cenji kawiri, aiwala amene anakongola, koma makiyi ali m'thumba mwake usana ndi usiku. Ana akawalanda mwaukali, adzamuona afota pa mpando pa miyezi yocepa, pakuti sitoloyo ndiyo inamdzutsa m'mawa. Akamleka, sitolo idzagwa pamodzi ndi ndalama za sukulu za adzukulu. Mabanja ena apeza njira ya pakati: mdzukulu agwira buku la ngongole ndi kabati ya ndalama, agogo akhala pa khonde kulandira alendo, kunena za mitengo, ndi kuuza mwanayo kuti uyu mkongoze, uyu ai, popeza adziwa makolo a onse. Ena ayesa comweco nalephera, cifukwa mkuluyo ayesa buku m'manja mwa mwana ngati citonzo. Ndipo pa bwalo lokamba nkhani yotere mwini wake ali pomwepo, amva mau onse, ndipo mwa mwambo wathu ndiye ayenera kulankhula potsiriza.